Mphodza za Lachisanu

Lolemba, 3 Novembala

Chala chachikulu chakuphazi cha Tatang, bambo anga, chatupanso. Chofiira, chonyezimira ngati tomato wakupsa. Ngakhale nsalu sakufuna iwakhudze. Njinga yawo yamoto yonyamula anthu ili phee pansi pa mango, nkhuku zayamba kuikiramo mazira.

Gauti, nthenda yotupitsa mfundo. Mwezi wachisanu ndili pakhomo pano chifukwa cha chala chimodzi. Anzanga onse ali ku Baguio, kusukulu ya uzamba. Malo anga andisungira mpaka pa 20 mwezi uno, ndikapanda kukaonekera apatsa wina. Nanang, mayi anga aja, anati, "Divina mwana wanga, dikira kaye bambo ako achire, sukulu sithawa." Ine n'kuvomera. Chitsiru.

Lachinayi, 6 Novembala

Kuchipatala. Asidi m'magazi ali pa naini, pomwe amafunika pansi pa sikisi. Miyezi isanu, osatsika olo pang'ono. Impso nazo akuti zayamba kufooka.

Adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mumawapatsa ndinu mankhwalawa? Tsiku lililonse?" Piritsi limodzi m'mawa uliwonse, ndi dzanja langali, nditaima pompo mpaka amwere madzi.

Anabwereza zonse zija. Mankhwala ndi a moyo wonse, kaya chala chikupweteka kaya ayi. Mowa ayi, zam'mimba ayi, madzi ambiri. Nanang n'kudzitama: "Mphodza tinasiya kalekale, adokotala!" Adokotala anaseka, akuti mphodza zilibe mlandu. Koma kauzeni anthu a ku Narvacan kuno. Aliyense amalumbira kuti gauti imabwera ndi mphodza zomwe anthu kuno amadya Lachisanu lililonse. Kwathu tinaziletsa ngati poizoni. Ine ndazilakalaka mpaka kuzilota.

Lamlungu, 9 Novembala

Ndilemba zonse.

Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi Nanang amandituma kumsika wa ku Vigan, akuti masamba abwino ali kumeneko. Lero galimoto inafera panjira, ndinabwerera.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, kukhola la atambala omenyanitsa. Tatang pakati, phazi pa mpando. Manong Rodel, mchimwene wanga weniweni, pambali pawo. Anzawo anayi. Kapu imodzi ya jini ikuzungulira, wothira ndi Tatang monga mwa masiku onse. Ankandiuza kuti amangothirira anzawo, iwo salawa. Wothira wosamwa anamuonapo ndani? Ine ndekha ndi amene ndinakhulupirira.

Mmodzi anakuwa, "Anamwino afika, bisani!" Ndiye kuti ndili ndi dzina. Ndiye kuti amachita kuika mlonda.

Pa tebulo papaitan, matumbo a mbuzi mu msuzi wa ndulu. M'mbale yathu yabuluu. Fungo la kaphikidwe ka Nanang ndingalidziwe ndili m'manda.

Manong akuti, "Ading, mlongo wanga, usatero. Kukana kapu ya mnzako n'kumunyoza, ukudziwa." Ndinamuuza kuti impso zikafa adzawapatse kapuyo iziwasefera magazi.

Lachiwiri, 11 Novembala

Sindikuyankhula ndi munthu. Ndinapita kukasesa kukhola kuja kuti ndisawaone nkhope. Kuseri kwa thumba la chakudya cha atambala, kachitini. Mapiritsi dzadzadza, omatana, ena osungunuka mbali imodzi. Malovu. Amabisa m'tsaya, n'kumwa madzi ine ndikuona, n'kukalavula.

Ndinakakhutula patsogolo pa Nanang akupeta mpunga. Sanadzidzimuke n'komwe. Apa ndiye pakundiwawa.

Akuti sabata yoyamba mankhwalawa anawonjezera ululu, Tatang analira ngati khanda, ndiye anagwirizana zosiya. Adokotala ananeneratu kuti poyamba zimatero! Ndinalemba ndekha pakalendala, ndi cholembera chofiira! M'malo mwake amawagulira timakapisozi ta pamsika topha ululu. Tomwe tija adokotala anati timadya impso.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anapitiriza kupeta. Kenako, motsitsa mawu: "Akachira iwe upita. Ine nditsala ndi ndani?"

Miyezi isanu.

Lachisanu, 14 Novembala

Ndaphika mphodza. Mphika waukulu, adyo wambiri, masamba pamwamba. Nanang anachita chizindikiro cha mtanda. Manong akuti, "Ukufuna kupha bambo ako?" Inu amene munkamwa nawo ndulu ndi jini!

Ndadya ndekha, mbale ziwiri. Ndaimbira kusukulu kuti ndikubwera. Manang Luz, msuweni wanga wa ku Baguio, akuti kwawoko malo ogona pansi alipo, nditenge bulangete, ku Baguio kwazizira.

Lachiwiri, 18 Novembala

Gauti ya Tatang yakwera ku bondo. Dzulo Manong anawanyamula kumsana kupita nawo kuchimbudzi, thukuta kamukamu. Anyamule. Aone kulemera kwa kapu ija. Anzawo anayi aja palibe wabwera kudzazonda.

Ndalemba zonse papepala n'kumata pa firiji: piritsi liti, nthawi yanji, tsiku lokayezetsanso magazi. Nanang anawerenga akulira. Sindinawatonthoze. Mwina chaka chamawa.

Lachitatu, 19 Novembala

Chikwama chili pakhomo. Basi ndi ya naini koloko.

Mapiritsi sindinapereke lero, si ntchito yanganso. Ndikumanga nsapato ndinamva, "Divina." Tatang anali atatenga botolo la mapiritsi okha. Anameza ine ndikuona, kenako anayasamula, n'kutukula lilime, n'kukoka tsaya ili ndi ili ndi chala. Bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, kukamwa yasa ngati mwana wa kukiliniki.

"Ona. Mulibe."

Piritsi limodzi silibweza miyezi isanu.

Kenako akuti, "Mphodza zija zinatsalako?"

Zinatha. Ndipo ndikupitabe, asaganize kuti nditsala. Koma zouma zilipo m'botolo, kuphika kwake ndi mphindi makumi anayi, panopa ndi seveni, ndikaika madzi pamoto pompano zipsa nthawi ya basi isanakwane.