Atitsekera Mpopi

Cuamba, 1969

Okondedwa amalume a Yakobo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ngauma kumeneko. Ife kuno tadzuka, koma mtima wanga ukuwawa.

Atitsekera mpopi, amalume! Sikuti ndinalephera kulipira ayi. Ndinapita ku ofesi ya madzi ndalama zili m'manja, kalaliki n'kundibweza. Akuti mpopiwo unalembedwa m'dzina la amuna anga a Manueli, ndiye abwere okha adzalipire. Kodi ndalama ya mkazi imanunkha? Zaka zonsezi wolipira ndine, sanafunsepo kanthu. Lero akufuna kudziwa kumene a Manueli apita, ndipo kumbuyo kwa kalalikiyo kunakhala mzungu wina wosamudziwa, akungomvetsera.

Ndinayankha kuti anapita ku Itepela kukagula fodya. Ndi zomwenso ndimauza ana.

Tsopano ine ndi mwana wanga Kristina tikusenza ndowa kuchokera kumtsinje, pomwe asilikali akutsuka magalimoto awo ndi madzi a mumpopi mpaka msewu wonse matope okhaokha.

Ogula fodyawo akadutsa kwanuko, muwauze asavutike ndi za mpopi. Asabwere. Mtsinje sufunsa dzina la munthu.

Moni kwa azakhali.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Anastaziya