Dzungu la Tadala Ndaliphika

Lachinayi, kumapeto kwa Okutobala

Lero mtima unali m'mwamba, koma tsopano wakhala pansi. Mwana wanga Chisomo anagula dzungu lalikulu n'kupita kuntchito kuchipatala osandiuza kanthu. Ine dzungu ndikaliona ndimaphika. Ndiye ndinalidula n'kuliteleka pamoto.

Mdzukulu wanga Tadala pobwera kusukulu anangosuzumira mumphika n'kuyamba kulira. Akuti linali loti aliboole maso ndi kamwa, mawa akaonetse anzake, poti ndi mwambo wa ana kuno kwa azungu mwezi uno ukamatha. Ndinati, "Iwe, chakudya amachiboola maso? Kuti chione chiyani?" Kulirako ndiye kunakula.

Ndinavala jekete, ine ndi Tadala tinayenda mumvula mpaka kusitolo ya kudera la Govanhill kukafuna dzungu lina. Kunatsala limodzi lokha, laling'ono, lopindika ngati mutu wa malemu agogo ake aamuna. Mwanayo anati n'lokongola. Mano ndaliboolera ndine.

Lophika lija tinalikanya mu ufa ndi shuga n'kupanga mabisiketi. Ena anapserera, koma iye ndi kamlongo kake atha onse. Komanso dzungu la kunoli ndi madzi okhaokha, pambale likanandichititsa manyazi.

Chisomo sanabwerebe. Tadala walonjeza kuti saulula, koma pakamwa paja anatengera ine, ndiye kaya...