Kadontho pa Mphindi 17

Lachiwiri, 11 Malichi

Melba, mkazi wanga, tamuika dzulo. Anthu apita, mipando ya kutchalitchi yabwezedwa. M'nyumba fungo la makandulo ndi khofi wotsala.

Ruel, mlongo wake, wabwera m'mawa ndi kathumba ka zimene anamuvula m'boti tsiku lija: ndolo imodzi, kalamba ka tsitsi, wotchi. Amati, "Alamu, masiku onsewa ndimaivala ine kuti isaime. Musandikalipire." Ilibe batire. Imayenda ndi kugwedezeka kwa mkono.

Mkombero wa kunja kwa galasi uli pomwe iye anausiya. Asanatsike pansi pa nyanja ndi alendo ake, ankauzunguza mpaka kadontho kake kayang'anizane ndi muvi wa mphindi, kuti azidziwa nthawi imene wakhala pansi. Lachinayi anatsika 9:17. Anatuluka bwinobwino, anakhala pansi m'boti, anati mutu. Adokotala akuti mtsempha wa mu ubongo. Zaka 54.

Kadontho kali pa 17. Chinthu chomaliza chimene zala zake zinakonza. Sindiukhudza mkomberowo.

Ndaivala. Ikulemera.

Lachinayi, 13 Malichi

Melba anaigula mapeso 85,000, chaka chatha. Timphatso ta alendo ta zaka zisanu ndi chimodzi, tosungidwa m'chitini cha mabisiketi.

Ine monga mwa chizolowezi ndinawerenga zonse zimene zinalembedwa za wotchi zotere, n'kumuyalira mlandu patebulo ngati ndili m'kalasi. Ndinati iyi ndi ya pakatikati, ndiye vuto lake. Yotchipa ukaitaya sulira. Ya anthu olemera imakwera mtengo ili m'kabati. Iyi ili ndi dzina pang'ono, chitsulo chabwino, koma theka la ndalama limatsala m'sitolo ukangotuluka pakhomo. Komanso kudzanja linalo ali kale ndi kakompyuta kowerengera kuya ndi nthawi.

Anaseka. "Iwe Ambo, mabuku ako onsewa unagula kuti udzagulitse?" Kenako: "Kakompyuta kamandilamula. Iyi imandiperekeza."

Ndinakhala masiku atatu osamulankhula bwino. Kuti wotchiyo ndi yokongola, sindinamuuzepo. Ndi yokongola. Nkhope yake yobiriwira ngati madzi a kuseri kwa chilumba cha Sombrero, amene ndimangowaona pa zithunzi zake.

Loweruka, 15 Malichi

Mapemphero a masiku asanu ndi anayi atha. Amayi a kutchalitchi anapemphera kolona mothamanga, maso ali ku mapoto. Melba akanandigunda ndi chigongono.

Ruel anandikokera kukhonde. Mlendo wina wa ku Manila, amene Melba ankamuonetsa tinkhono tamawangamawanga topanda chigoba, akuifuna wotchiyi. Mapeso 50,000. Yankho lisapitirire mapeto a mwezi.

Mwana wathu Maricel anamva. Abwerera kuntchito ku Dubai mawa. Amati, "Tatay, ndi chitsulo chabe. Denga likudontha, mvula ya Juni sichedwa, penshoni yanu mukuidziwa. Inu madzi akafika m'mawondo mumaitana oyera onse. Wotchi yotsika mamita 300 m'madzi ya chiyani?"

Sananame. Zaka 28 ndili pabanja ndi munthu wa pansi pa nyanja, nkhope yanga sinalowepo m'madzi amchere. Melba ankandinyengerera chaka ndi chaka: "Mphindi khumi zokha, Ambo. Ndikugwira dzanja." Ine nkuti Lamulungu likudzali.

Lachiwiri, 18 Malichi

Yaima. 3:40 masana. Ndinaiyang'ana n'kuona muvi wa masekondi uli zii.

Ndinaima pakati pa chipinda ndikuitana dzina la Melba. Sindikudziwa chifukwa chake.

Chichokere Maricel ndakhala pampando womwewu, buku pamiyendo, tsamba lomwelo. Mpunga wa Lamulungu udakali mumphika.

Mawa kutauni ku Batangas, kwa Mang Delfin wokonza mawotchi. Aione ngati yafa. Anenenso mtengo wake weniweni, kuti ndidziwe choyankha.

Lachitatu, 19 Malichi

Jipini ya m'mawa, minibasi yathu ya kuno, kutentha, mayi wina ndi dengu la nsomba zouma pamapazi anga.

Mang Delfin akadali m'kabokosi kake kagalasi pafupi ndi msika. Anaipukusa kangapo, yayamba kuyenda. Anaseka. "Siinafe, aphunzitsi, ndi njala. Wotchi iyi imadya kuyenda kwa mkono. Inu mumangotembenuza masamba, mukuipha ndi njala."

Anaiyamikira. Makina olimba, okonzeka paliponse, madzi sanalowemo. Koma zokanda zambiri. Amati, "Ogula ambiri amangosamba nazo m'manja. Iyi yagwira ntchito, ndiye mtengo watsika. Dziko lake ndi lomwelo." Mapeso 45,000. Wa ku Manila ndimulandire ndi manja awiri.

Akulankhula choncho, chala chake chinali pa mkombero. Amatero aliyense wodziwa mawotchi, kufuna kumva ngati mano ake ali bwino. Kete kete kete kete. Ndisanatsegule pakamwa, kadontho kanali pamwamba, pamalo pake pa m'sitolo. Amati, "Mwamva? Ngati yatsopano."

Ataona nkhope yanga anavula kagalasi ka padiso. Ndinamufotokozera. Anapepesa kambirimbiri, anakana ndalama, anati aubwezera pa 17. Ndinagwira dzanja lake. Ndinati ayi.

Sanalakwe. Sindinamuchenjeze.

Lachinayi, 20 Malichi

Nditha kuubwezera ndekha. Nambala ndikuidziwa. Koma chingakhale chala changa, osati chake.

Mkomberowu subwerera m'mbuyo, umazungulira mbali imodzi yokha. Mang Delfin ananena chifukwa chake pondiperekeza: ukaugunda mwangozi uli pansi, ukunamize kuti nthawi yatha, usakunamize kuti ikadalipo.

Ine ndinadzinamiza mwa njira inayo.

Lolemba, 31 Malichi

Tsiku lomaliza. Kadontho kachoka, ndiye chotsala ndi chitsulo, monga ananenera Maricel. Ndinaikulunga mu kansalu m'mawa n'kuyenda wapansi kupita kudoko kukaipereka kwa Ruel.

Ndinamupeza akutsitsa mathanki a mpweya. Ndisanatulutse kansalu, anandiuza nkhani. Akuti Melba akatuluka m'madzi, alendo akusintha zovala, ankatembenuza mkombero n'kunena, "Mphindi 40, ndikhala ndili kunyumba, ndikaipeze nkhalamba yanga itaiwala mpunga pamoto." Tsiku lililonse. Ankautembenuza kanayi, kasanu, sunkagona malo amodzi. Amati Ruel, "Pa 17 paja unakhalitsa, alamu. Iye sakanaulola."

Ndinati auze wa ku Manila kuti ndathokoza, koma ayi. Anakweza mapewa. "Denga lanu, mutu wanu."

Ndalembera Maricel. Wayankha ndi mawu awiri okha. Denga tiika lona ndi matayala chaka chino.

Ndimayenda m'mawa uliwonse mpaka kudoko ndi kubwerera. Kuidyetsa.

Lolemba, 14 Epulo

Tsiku la makumi anayi chimwalirire Melba. Akuti lero ndi pamene mzimu umasiya kuzungulira pakhomo. Misa m'mawa, maluwa kumanda.

Kenako boti la Ruel, awiriwiri. Kuseri kwa Sombrero, pamadzi osaya pomwe Melba ankayambira ndi alendo amantha. Anandiveka jekete yoyandamitsa, magalasi a Melba, kapaipi kopumira. Chingwe m'chiuno ngati mbuzi. Amati, "Mukamira, alamu, wotchi ndi yanga."

10:05. Ndinagwira mkombero ndi zala zanga. Kete kete kete. Kadontho pa 5. Mphindi khumi zokha.

Poyamba ndinamwa madzi, ndinakhosomola, ndinatukwana koyamba chipumire ntchito. Kachiwiri ndinaika nkhope n'kukhala chete.

Sindinawerengepo buku limene linandiuza kuti pansi pamamveka phokoso. Kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya. Tinsomba tachikasu mazanamazana tikutembenuka pamodzi. Pamwala kanthu kofiirira konga chala cha khanda, kakukwawa mosafulumira. Zaka 28 ankabwera kunyumba n'kundifotokozera izi, ine ndikugwedeza mutu, chala chili pa tsamba.

Ndinalira m'magalasi. Amachita nthunzi.

Ruel atakoka chingwe ndinayang'ana padzanja. Mphindi 34.

Ngati mapeso 85,000 anali oyenera, sindikudziwabe. Ruel akuti Lachinayi ali ndi malo m'boti. Akuti pamwala womwewo pamakhala kena kabuluu, kamene Melba ankakatcha Ambo.