Makalata Asanu Amene Bambo Sanalembe

Senga Bay,
Salima.
16 Ogasiti 1999

Wokondedwa mlongo wanga Masautso,

Moni wochokera kuno kunyanja. Uli bwanji kumeneko ku Japan? Chifuwa chija unkadandaula nacho chinatheratu? Ukudya mokwanira, kapena ukadali ndi khalidwe lako lija loiwala mbale ukangoona buku?

Kuno ine ndili bwino, ana anga awiri alinso bwino. Malume a Christopher ku Lifuwu anamaliza kukolola mpunga, koma mawondo ayambanso kuwavuta. Mwera wawomba kwambiri chaka chino, asodzi akhala masiku ambiri osalowa m'madzi.

Waona kale kuti kalata iyi sinayambe ndi mawu oti "Mwana wanga" monga zimayambira zina zija. Lero ndikulemba ndine Ester, m'dzina langa. Ngati waitsegula uli chiimire kuntchito kwakoko, yamba wapeza pokhala.

Kalata yako ya pa 20 Julaye inafika Lachinayi lapitali, pamodzi ndi chithunzi chija. Ndinachionetsa kwa anzanga pa loji pano pamene ndimagwira ntchito. Onse anangoona mizere iwiri ikuluikulu yotuwa, ndi kaulusi kamodzi kataigonera pamwamba. Wophika wathu anati ngati limenelo ndi tsitsi logwera m'chakudya, si la kukhitchini kwake.

Ndinawafotokozera monga momwe wakhala ukutifotokozera iwe zaka ziwirizi. Ndinati kameneko ndi kachubu ka kaboni, chinthu chomwe chija chili m'makala ndi m'mwaye, ndipo n'kakang'ono moti tsitsi limodzi likhoza kubisa timachubu totere zikwizikwi. Ndinati mlongo wanga akukaphunzitsa kutsegula ndi kutseka njira ya magetsi, ntchito imene thiransisita imagwira mu wailesi. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma ine ndinanyada.

M'kalatamo wanena kuti udzaimba lamya kuno ku loji Lamlungu pa 5 Seputembala, 10 koloko m'mawa. Wati ndikawatenge Bambo kuboma ndi kuwakhazika pafupi, chifukwa ukufuna kuwathokoza ndi pakamwa pako.

Masautso, Bambo sadzabwera pa lamya imeneyo. Bambo anatisiya pa 11 Febuluwale. Tinawaika Loweruka pa 13, pambali pa Amayi.

Miyezi isanu ndi umodzi yatha iwe osadziwa. Ndikuuza zonse mwa ndondomeko yake, kenaka undiweruze mmene ungafunire.

Linali Lolemba. Bambo anali pa benchi yawo yokonzera mawailesi pakhonde paja pafupi ndi depoti, wailesi ya mphunzitsi wina ili chitsegulire, chitsulo chowotcherera chili pa mbaula. Atelala oyandikana nawo aja anangomva mpando ukugwa. Ndiwo anathamangira nawo kuchipatala, ndipo madokotala anati ndi sitiroko.

Anagona masiku atatu. Kamwa inapotoka ndipo mbali ya kumanja inafa, koma mutu unali bwinobwino. Lachitatu anaitana ine ndi Malume, nayamba kulankhula movutikira, mawu amodziamodzi.

Anati tisakuuze. Anatikumbutsa za chaka chimene Amayi anamwalira, iwe uli ku Poly: unasiya mayeso pakati, unakhala kuno miyezi itatu ukungoyang'ana pansi, ndipo unabwereza chaka. Anati telegalamu imeneyo anatumiza ndi iwo, ndipo yakhala ikuwawawa mpaka lero. Anati unataya chaka pa maliro a mayi ako, usatayenso china pa maliro awo. Anati amakudziwa, ukangotsika ndege ku Lilongwe sudzabwereranso.

Malume anakana. Anati maliro sabisa, ndipo mwana wamwamuna ali mmodzi yekha sangamanidwe maliro a bambo ake ngati mlendo. Bambo anawagwira pamkono ndi dzanja lamanzere lija, osawasiya, mpaka Malume anavomera. Ine ndinavomera msanga, chifukwa sindinkakhulupirira kuti afadi.

Tsiku lometa, achibale anafunsa ngati uthenga unapita kwa Masautso. Malume anayankha kuti unapita, koma ulendo ndi wautali. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, ananama pamaso pa mbumba yonse. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulepo dzina lako ndili pomwepo.

Mpaka apa ukhoza kunena kuti tinangomvera mawu a wakufa. Chotsatirachi ndi changa ndekha, ndipo Malume sakuchidziwa.

Bambo anati tisakuuze. Sananene kuti ndizikulembera m'dzina lawo.

Ukudziwa kuti chiyambire ng'ala m'maso mwawo, makalata awo onse ndinkalemba ndine, iwo akunena, kenaka n'kusaina okha pansi. Malichi atafika, kalata yako inabwera monga mwa masiku onse, yodzaza ndi mafunso kwa Bambo. Ndinaganiza kuti ukaona mwezi wadutsa osayankhidwa uyamba kufunsafunsa. Ndinatenga kalata yakale, ndi kuyeserera siginecha yawo kuseri kwa mapepala a pa loji mpaka inafanana.

Ya Malichi, ya Epulo, ya Meyi, ya Juni ndi ya Julaye, zonsezo ndi zanga. Kalata yomaliza imene Bambo ananena ndi pakamwa pawo ndi ya Januwale, ija ankakufunsa ngati kumeneko kuli anthu okonza mawailesi kapena amangotaya. Uisunge payokha imeneyo.

Akuluakulu amati ukabisa matenda maliro adzaulula. Ife tinabisa maliro enieniwo, ndipo atiulula ndi timachubu takoto.

Ukukumbuka kalata yako ya Meyi? Unalemba kuti miyezi itatu yatha ukugoneka timachubu pa tizitsulo tija, koma magetsi sakudutsa bwino. Unati mwasintha timachubu kambirimbiri, anzako akupita patsogolo, ndipo wayamba kuganiza kuti anakusankha molakwitsa. Unati, Bambo, mukanakhala inu mukanatani?

Ndinakhala nayo kalata imeneyo sabata yathunthu. Ine wa Fomu 2, wodziwa kuyala mabedi ndi kulandira alendo, ndiyankhe chiyani za kaboni? Ndinaopa kuti ndikalemba zopusa undizindikira. Ndinaopanso kwambiri kuti ndikapanda kulemba kanthu, usiya.

Tsiku langa lopuma ndinakwera minibasi kupita kuboma. Benchi ija ikadalipo, atelala amaikapo nsalu. Anandilola kukhalapo, ndipo ndinatsegula bokosi la zida za Bambo limene amatisungira. Fungo la mtovu lija litangondimenya, ndinawaona.

Iwe ukudziwa mmene ankagwirira ntchito. Munthu akabwera ndi wailesi yakufa, okonza ena ankathamangira kunena kuti chakuti chapsa, mugule china. Bambo ayi. Ankayamba atenthetsa chitsulo, n'kuyenda nacho polumikizira paliponse, pamodzipamodzi, ngakhale pooneka bwino. Ankati mawailesi ambiri safa, amangomasuka. Ankati usaimbe mlandu waya usanaone pamene wagwirana ndi mnzake.

Ndi zimenezo ndinakulembera. Sindinkadziwa ngati zili ndi mutu kumeneko. Ndinangofuna kuti umve mawu awo.

Tsopano wandiuza kuti unasiya kusintha timachubu, n'kuyamba kuyang'ana pamene kachubu kakhudzana ndi chitsulo. Wati unatsuka malo amenewo ndi kuwatenthetsa mu ng'anjo yanu, ndipo magetsi anadutsa, n'kumatseguka ndi kutsekeka monga unkafunira. Walemba kuti, "Bambo, mwandiposa ndi madigiri anga onse." Mzere umenewo ndinauwerengera m'chipinda chosungira zofunda, ndipo ndinalira mpaka mnzanga anabwera kudzagogoda.

Mawu a akuluakulu akoma akagonera, zoonadi. Nzeru ija ndi yawo, usaikayikire. Koma amene anaiika mu envelopu ndine, iwo atagona m'manda miyezi itatu.

Munthu mmodzi yekha ndiye ndinamuuza, Jamila, mnansi wanga wogulitsa nsomba zouma uja. Ndinkayembekeza kuti andisisita pamsana. M'malo mwake anaika lichero pansi, nati Astaghafirullah, kutanthauza kuti Mulungu akhululuke. Anati kwa iwo Asilamu amaika maliro tsiku lomwelo, koma uthenga umapita ngakhale kwa mwana amene ali ku Joni, kuti nayenso apemphere ali komweko. Anati misozi ya mwana pa bambo ake ndi yake, ndipo ine ndakubera. Ndinakwiya naye masiku awiri, chifukwa ankanena zoona.

Pali chinanso chimene ngakhale Jamila sindinamuuze. Sindinkalemba chifukwa cha iwe wekha.

Ndikakhala pansi ndi cholembera n'kuyamba kuti "Mwana wanga," Bambo ankabwerera. Ndinkamva kutsokomola kwawo, ndi mmene ankanenera kuti fufuta pamenepo, walemba mwachizungu kwambiri. Ola limodzi pa mwezi ndinkakhala ndi bambo. Ndikamata envelopu ankafanso.

Ndipo nthawi zina ndinkakuchitira nsanje, Masautso. Iwe unali ndi bambo amoyo mpaka lero, pamene ine ndinasesa m'nyumba mwawo ndi kugawa malaya awo. Ndinkakwiya kuti ukuseka m'makalata, chonsecho amene ndinakutseka m'maso ndine. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma ndatopa ndi kubisa.

Ndikuuze zoona zina, kuti usakhale ndi mabodza anga okha. Chojambula chija unatumiza chaka chatha, cha kachubu kooneka ngati waya wa khola la nkhuku wopindidwa, anachikhoma pamwamba pa benchi. Aliyense wobwera ndi wailesi ankayamba wamva za iwe asanauzidwe vuto la wailesi yake. Ena ankawaseka kuti mwana wawo anapita kutali chonsecho kukaotcha makala. Iwo ankayankha kuti eya, koma makala ake mudzawagula ndi ng'ombe.

Ankadandaulanso. Unawasiya nthawi imene ntchito inali yambiri, masiku a riferendamu aja, aliyense akufuna wailesi yomveka kuti amve za kunja. Masiku ano kwadzaza timawailesi totchipa, ukatsegula umangopeza kadontho kakuda kamodzi kopanda pogwira. Ankati mwana wanga akupanga zinthu zoti diso siliona, nanga zikadzafa adzakonza ndani? Kenaka ankaseka, n'kunena kuti bola wothetsa ntchito yawo ndi mwana wawo yemwe, osati wa eni.

Tsopano pempho langa. Ndikudziwa kuti ndilibe nkhope yopemphera kanthu, koma ndipempha.

Usakwere ndege. Watsala ndi miyezi isanu ndi iwiri kuti umalize mu Malichi. Ukabwera lero upeza mulu wa dothi womera udzu, ndipo dothilo lidzakhalapobe chaka chamawa. Ukasiya pano ndiye kuti bodza la Malume, bodza langa, ndi mawu amene Bambo anawatulutsa movutikira chonchija, zonse zapita m'madzi. Ine ndaphwanya kale theka la lamulo lawo pokuuza. Theka linalo lili m'manja mwako.

Chiliza sitinamange, ndipo sitimanga iwe kulibe. Malume anauza achibale kuti simenti idzadikira mwini wake. Ukadzabwera tidzakumeta pawekha, ngakhale tsitsi la ena linamera kalekale.

Lira kumeneko, usadzigwire. Uza aphunzitsi ako, akupatse masiku angapo. Ngati pali tchalitchi pafupi, pita ukakhale pansi ngakhale sukumva chilankhulo chawo bwinobwino. Usadzitsekere m'chipinda monga unachitira pa Amayi.

Unafunsa dzina lawo lonse, kuti ulilembe kumapeto kwa pepala limene mukusindikiza, pamalo othokoza amene anathandiza. Ndi Robert Zakeyu Kamphinda. Anakana moyo wawo wonse kutchulidwa Zakeyu chifukwa anali wamtali, koma ulembe lonse. Patsogolo pake uikepo mawu oti malemu.

Malume usawakwiyire. Ukawalembera, uwapatse moni mwaulemu, ndipo za makalata asanu aja ndikawauza ndekha Loweruka likubwerali. Undiperekere moni kwa mnzako wa ku Zambia uja umati mumaphika limodzi, ndipo umuonetse kalatayi ngati zikukuvuta kunena. Ana akupereka moni kwa amalume awo. Jamila wati akukuikira dua, pemphero lawo lija.

A positi andiuza kuti kalata ya ku Japan imatenga masabata atatu, nthawi zina kuposerapo. Ndawerenga masiku pa zala, ndipo kuchokera lero mpaka pa 5 Seputembala ndi makumi awiri.

Lamlungu limenelo sindipita kutchalitchi. Ndidzakhala pafupi ndi lamya kuyambira m'mawa. Ngati kalatayi idzakhala itakupeza ndipo sukufuna kumva mawu anga, usaimbe, ndidzamvetsa. Ngati ukufuna kundikalipira, imba, ndidzagwira lamyayo mpaka umalize.

Chimene ndikuopa ndi chachitatu. Ndikuopa kuti idzalira 10 koloko yeniyeni, ndidzanyamula, ndipo ndidzamva iwe ukuseka, ukuti, "Achemwali, apatseni Bambo."

Mulungu akusunge, akulimbitse mtima, ndipo ayendetse kalatayi msanga kuposa masiku.

Ndine mlongo wako wokulakwira,
Ester