Akufuna magazi a mbumba yanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ine tulo tandithawa sabata yonse ino, ndipo ndisakubisireni, chondisowetsa tulo ndi manja a Teleza.

Koma munkatiuza kuti mlendo sayamba ndi uthenga wa maliro, amayamba wamwa madzi. Ndiye imwani kaye madzi. Teleza wanu, chitsiriza uja munamusiya asanakwatiwe, anachira bwinobwino mvula ili pakati. Mwana wake ndi wamkazi. Tinamutcha Rozina, dzina lanu, ndipo anabatizidwa ku Kasina pa Pasaka. Analira Misa yonse, mpaka amayi a m'kwaya anati ameneyu mpando wa agogo ake waupeza kale. Nyemba chaka chino zachita, zodzaza mpaka m'mitsuko ya madzi. Chimanga ndiye ayi, feteleza tinamupeza mochedwa. Mbatatesi ya kudimba alamu a Benedikito, amuna a Teleza, amaikweza panjinga kukagulitsa ku Chimbiya. Ine ndikadali pa choko, Sitandade 4 yomwe ija, chifuwa chikungokulirakulira. Ndipo Luwiza wanga, amene munkamunena kuti miyendo ngati nsungwi, wapeza mwamuna, umbeta wake watha. Mnyamata wake ndi wa mphakati wathu womwe uno, waulemu, ndipo akwawo abwera kale kudzaonekera. Tikuyembekeza chinkhoswe tikamaliza kututa.

Madzi aja mwamwa. Tsopano imvani.

Manja a Teleza anayamba kutupa mwana asanayambe kukhala pansi. Tinati ndi za uchembere, zitha. Chisanu cha Juni chitafika ndinapita naye kuchitsime m'mawa, nkhungu ili tolo. Atangogwira chingwe chonyowa, zala zinayera ngati phulusa, kenaka zinada bii, iye nkuzibisa m'khwapa uku akuseka. Ine sindinaseke. Ndinamutsina pamsana pa dzanja, khungu losatsinika, lonyezimira ngati lopaka mafuta. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe akumanga mfundo ya mbereko ndi mano. Amayi, ine ndi amene ndinkakumangirirani mpango zala zanu zitapindika. Ine ndi amene ndinkaona bambo mfumu akubenthula Ukaristia kakang'onong'ono chifukwa pakamwa panu panali patachepa. Sindinafune munthu wondiuza.

Alongo anu, atsibweni a Simoni, nawonso sanafune munthu wowauza. Iwo akuti ndi tsempho. Akuti a Benedikito akamagona ku Chimbiya mbatatesi ikapanda kutha sagona okha, ndiye amusempha mkazi ali ndi mwana wakhanda. Mawu ake ndi omwe aja ananenera abambo athu atabwera kuchokera ku esiteti ya fodya inu nkuyamba kutupa, ngakhale kakhosomoledwe koyambira nkhani ndi komwe kaja. Aitanitsa ankhoswe Loweruka likudzali. Akuti mkamwini anyamule khasu lake ndi njinga yake azipita kwawo.

Ndiye pakati pa zimenezi pabwera alendo. Asisitere a kuchipatala cha mishoni, amene ankakutsukani zilonda za m'zala, atamuona Teleza anakukumbukirani, nkulembera dokotala wina wa mumzinda. Dokotalayo anabwera pa galimoto yoyera, iye ndi mayi wina wachizungu, dokotalanso, wa ku Ulaya. Matenda anu ali ndi dzina, amayi. Akuti sikilerosisi, kuuma kwa khungu ndi zam'kati zomwe. Ndinalibwereza njira yonse yobwerera kunyumba ngati mwana woloweza katekisimu, ndipo sindikudziwa chifukwa chake ndinalira. Mwina poti zaka zonse zija tinkangoti “matenda a mayi”, ngati anali anu nokha padziko lonse. Akuti aliko ena, m'maiko ambiri, koma ndi ochepa. Mayi ndi mwana wake kudwala onse awiri ndiye nkosowa kwenikweni, nchifukwa chake anapirira msewu wathu uja mpaka kufika.

Ntchito yawo, mmene ndinaimvera ine, ili ngati dima. Dziko lina lafulula mowa, ndiye kuti lapereka ndalama. Dziko lina labwera ndi makasu, ndiye kuti makina oyezera timbewu tam'magazi timene mwana amatengera kwa makolo ake. Madokotala a maiko angapo agwirizana kulima pamodzi, aliyense kusonkhanitsa mabanja a kwawo. Ife ndiye munda. Akufuna magazi pang'ono, a Teleza, anga, a ana anga, a atsibweni, ndi a abambo athu, kuti akafananize. Adzawaika m'timabotolo, m'bokosi lozizira, nkuwakweza ndege. Inu munkati pa dima oledzera ndi ambiri koma wokolola ndi mwini munda. Ndinafunsa m'Chingerezi changa cha Folomu 4 kuti pa dima ili adzakolole ndani. Mayi uja anandiyankha mosazungulira kuti mwina si Teleza. Mwina Rozina, mwina ana a Rozina. Mankhwala ochiza palibe, ndipo ndalama anapatsidwazo nzofufuzira gwero la matenda basi, sangagulire nazo ngakhale mafuta opaka. Magolovesi aubweya amene Teleza akuvala tsopano mayiyo anachita kuvula m'manja mwake nkumupatsa. Dokotala wathu uja anaonjeza kuti mabanja akapanda kupezeka chaka chisanathe, eni ndalama adzatseka thumba, dima nkuthera pomwepo.

Koma chachikulu kwa ine ndi ichi. Ndinamufunsa dokotala wathuyo, m'Chichewa, maso ndi maso, ngati mwamuna angadwalitse mkazi wake chotere pogona kwina. Anati ayi. Ndinabwereza, ndipo anati, “Mayi, zambiri za matenda awa sitikuzidziwa, koma chimenecho ndiye ayi.” Anatinso si kuti mwana aliyense wa m'banjamo adzadwala, ambiri sadwala konse.

Ndinapita nazo kwa atsibweni, ndinagwada bwinobwino. Anandimvetsera akusema mpini, osandiyang'ana. Nditamaliza anati, “Magazi a mbumba yanga sakwera ndege.” Ndinati atsibweni, ndi kasupuni chabe. Anati, “Iwe Sesiliya, sukulu inakuphunzitsa kuwerenga koma sinakuphunzitse kumva. Ukakatambasula mkonowo pagulu kuti akutenge magazi, wavomera kuti nthenda ili m'mimba mwa mlongo wanga. Mkamwini amachoka, mawa kubwera wina. Magazi ukawapitikitsira kuti? Luwiza wakoyo adzamukwatira ndani, dokotalayo?”

Amayi, sananame pa za Luwiza. Apongozi ake am'tsogolo ayamba kale kundipatsa moni akuyang'ana manja anga. Pamudzi panonso nkhani ya magazi mukuidziwa mmene imayendera. Atcheyamani a chipani analengeza pamsonkhano kuti alendowa ndi a boma, wotchula za anamapopa akayankha yekha kutsogolo. Ndiye palibe akutchula. Kungoti ndikafika pachitsime nkhani nkusanduka ya mtengo wa sopo.

Ndiulule kwa inu zimene ndaulula kale kwa bambo mfumu, poti chilango anandipatsa chija ndachita koma mtima sunatsike. Masiku apitawa ndakhala ndikulakalaka kuti a Benedikito angopitikitsidwa. Inde, ine, wa kolona m'thumba. Ndimati akachoka anthu adzati mlandu watha, unali wa mkamwini, chinkhoswe cha mwana wanga nkudutsa bwino. Ndimati ndingouza madokotala kuti banja lakana, iwo adzapeza munda wina. Ndaganiza zimenezi ndili pamzere wokalandira Ukaristia, amayi.

Chonsecho mkamwiniyo ndikumuona. Amadzuka kukuzizira nkukafunditsa madzi kuti Teleza asakhudze ozizira. Amatsuka matewera kuseri, anyamata a pa bawo nkumamufunsa ngati wayambanso kuyamwitsa. Dzulo anandipeza ndikuchokera kusukulu, anatsika panjinga, chipewa m'manja. Anati, “Alamu, ine zopita kwathu sindikuopa, kwathu kuli munda. Koma ndikachoka, mwanayu azimubereketsa ndani?” Ndinasowa poyang'ana. Teleza mwini wake ndiye amangoseka, mukumudziwa. Akuti, “Achemwali, auzeni atenge magazi onse, mwina ndingapepukeko.” Koma nditamufunsa za Loweruka anatembenukira kukhoma.

Ndipo pali abambo. Ali moyo, ali ku Lobi kwa alongo awo kumene anapita atsibweni atawapitikitsa, ndikumva kuti maso ayamba kuchita khungu. Pamaliro anu anabwera, anaima kumapeto kwa manda pafupi ndi mitengo, palibe anawapatsa mpando. Ngati dokotala uja akunena zoona, ndiye kuti munthu uja anasenza mtolo wosakhala wake zaka zonsezi, ndipo adzafa nawo ngati wina sakawatula. Tsiku ankachoka inu munakhala pakhonde manja ali pamiyendo, simunanene kanthu. Ndakhala ndikulitembenuza tsiku limenelo. Kodi munakhulupirira alongo anu? Kapena munaopa, monga ndikuopera ine lero, poti munali ndi ana aakazi awiri oti adzakwatiwe? Sindikukuweruzani. Ndikufunsa chifukwa mpando munakhalapo uja tsopano ndakhalapo ndine, ndipo ukuwotcha.

Munkati nyemba zikafumbwa uyambe wafunsa nkhokwe usanamenye mwana. Ndiye nkhokwe yake ndi ifeyo, amayi, ine ndi inu ndi amayi anu amene sindinawaone. Sindikudziwa ngati azungu aja adzapezemo kanthu m'timabotolo tawo. Mwina ndalama zidzawathera, magazi athu nkungokhala m'chisanu cha kwawoko mpaka kalekale, opanda wowaitana dzina. Zimenezo zimandiopsa, sindikana. Ndimaganiza za tsiku louka akufa, kuti kodi kachigawo kanga kadzachokera kutali chotere nkundipeza? Nditawafunsa, bambo mfumu anaseka, anati Mulungu amene amawerenga tsitsi sangasokonezeke ndi kasupuni. Iwo aseke, si magazi awo.

Galimoto yoyera ibweranso Lachinayi. Ankhoswe Loweruka. Ndikatambasula mkono Lachinayi anthu akuona, Loweruka atsibweni adzasowa ponenera tsempho, poti mbumba yawo yomwe idzakhala itavomera kuti gwero likufunidwa kwina. A Benedikito adzatsala. Za Luwiza ndiye sindikudziwa. Ndamuuza zonse usiku wathawu, iye wangodzuka nkukasinja.

Mpingo umatiletsa kufunsira kwa akufa, ndikudziwa. Koma umatiuzanso kuti inu muli moyo ndipo mumatipempherera, ndiye ine sindikuombeza, ndikulankhula ndi mayi anga. Ndiyankheni Lachinayi lisanafike. Ndipo ngati kumeneko amangokulolani ulendo umodzi, musautaye pa ine. Pitani kwa alongo anu. Ine sandimvera, dokotala samumvera, bambo mfumu amangowapatsa moni. Koma inu mukawaimirira kumutu nkuwatchula dzina lawo laubwana, adzadzuka. Mukawauze zimene simunanene pakhonde paja.

Mubwere kapena musabwere, ine mawa ndapempha tchuthi kwa ahedi. Ndikwera phiri kupita ku Lobi. Ndikulonjeza kuti abambo ndibwera nawo, ndipo sindiwadzeretsa njira ya kudimba ngati akuba. Tidzalowa pa njira yaikulu, ndikuwagwira dzanja, kudutsa pakhomo pa atsibweni dzuwa lili pamutu.

Ndimakukondani, amayi, ngakhale mwandisiyira zovuta kusenza.

Ndine mwana wanu woyamba,
Sesiliya