Dzanja Langa ndi Bondo la Apongozi

Lachiwiri, 4 Juni

Mlamu wanyamuka m'mawa. Ntchito ya miyezi ingapo, kutali. Makiyi a pikapu ya malemu apongozi aamuna wandisiyira ine, pamodzi ndi udindo wake: kuwatengera Amayi, apongozi aakazi, kuchipatala Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kukatsukitsa bala la kuphazi. Shuga. Anamwino anachita kunenetsa kuti asamajombe, bala la munthu wa shuga silidikira.

Ine kuvomera msangamsanga, chifuwa patsogolo. Buledi ndimamaliza kugawa dzuwa lisanafike pamutu, masana ndimangokhala. Komanso mkamwini woti ndi dalaivala, wakalambira pa vani ya bekale, angakane ndi pakamwa pati?

Galimotoyo ndaiona. Nkhalamba yeniyeni, koma injini yoyera kuposa mbale za kwathu. Mpando umodzi wautali ngati benchi, wa anthu atatu. Pansi mbee, palibe giya. Giya ili pachiwongolero, kandodo kotulukira kumanzere. Mlamu anati, "Giya wani mukokere kwa inu n'kukweza, thu mutsitse. Musaikakamize, imakwiya." Ndamuseka. Mwana wadzulo kundiphunzitsa giya ine.

Lachitatu, 5 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Tinakwera atatu. Mkazi wanga kuchitseko, ndodo ya amayi ake pamiyendo, maso pa foni. Amayi pakati. Ndinawapempha akhale kuchitseko chifukwa cha phazi, anakana. Akuti pakati ndi pamalo pawo chigulireni galimotoyo.

Popita zonse bwino. Dzanja ndikungolikumbutsa chamumtima: m'mwamba, m'mwamba. Pobwerera ndiye. Pa chitunda cha kuseri kwa msika lole ya patsogolo inangochepetsa liwiro mwadzidzidzi, injini yathu n'kuyamba kutsamwa, nzeru zanga zonse pa lole. Dzanja linapita kumene limapita tsiku lililonse. Pansi, kumanzere. Linapeza chinthu chobulungira, cholimba bwino. Ndipo ndinakoka. Mulungu wanga, ndinachita kukoka, kufuna thu.

Bondo la apongozi.

Galimoto inazima. Mahutala kumbuyo. Amayi maso patsogolo, nkhope gwa ngati ya pa chiphaso. Mkazi wanga osadzutsa n'komwe mutu, anangoti, "Kodi inu mwatani, mafuta atha?" Sanaone.

Potsika Amayi anakana dzanja langa, anagwira chitseko.

Chakudya chakana kulowa. Ndanama kuti m'mimba.

Lachinayi, 6 Juni

Pa vani lero ndakhala ndikuliyang'ana dzanjali. Limatsika lokha, silifunsa. Pa maloboti, pa hampu, pokhota. Ngakhale nditaima limakakhala pomwepo, kumasisita mutu wa giya ngati mphaka. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ndimatero. Ndanyansidwa nalo.

Kupepesa? Ndayeserera m'vani, mawindo otseka. "Amayi, za bondo zija." Ayi. "Amayi, dzulo dzanja linasochera." Bola kufa. Munthu ungatchule bwanji bondo pamaso pa apongozi ako?

Ndaganiza zongokhala chete. Ndi munthu wamkulu, akudziwa kuti inali ngozi. Tikayamba kuzikamba ndiye zikula.

Chigwiriro cha windo la vani chathyoka. A bwana akuti ndalama yake aidula pa malipiro anga.

Lachisanu, 7 Juni

Amayi sanapite.

Ndinafika nthawi yabwino, malaya ochapa, galimoto ndaipukuta. Mkazi wanga lero sakanatha kuchoka kushopu, ndiye tikanakhala awiriwiri. Ndinagogoda. Chitseko chosatsegulidwa. Mawu kuchokera m'kati: "Phazi lili bwino lero, bambo. Kapumuleni."

Ndinayankha kuti chabwino Amayi. Osafunsa kawiri. Osanyengerera.

Ndilembe zoona poti palibe awerenge: mtima unakhala pansi. Ndinatuluka pageti ndikuimba mluzu. Munthu wosiyidwa ndi udindo, kusangalala kuti wodwala wajomba kuchipatala.

Loweruka, 8 Juni

Kugalaja kwa Sipanala, makanika. Ndinati ndikufunsira mnzanga wina, ngati n'zotheka kuchotsa giya pachiwongolero n'kuiika pansi.

Anati n'zotheka, kuboola pansi, kudula mpando, ndalama zoti n'kugulira njinga yamoto. Kenako ulaliki. Kwa iye giya ya pachiwongolero ndiyo ya anthu: manja onse awiri sachoka pamwamba, kutsogolo mumakwana atatu, banja limayenda lili phewa ndi phewa. Ya pansi akuti inabwera kudzalekanitsa mwamuna ndi mkazi wake. Ine ndinalimbikira kuti ya pansi sinama, umaimva m'dzanja kuti yalowa, pomwe inayo umachita kuisakasaka ngati kiyi m'thumba lobooka. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira.

Ndiye anandiyang'ana, chiguduli m'manja. "Mnzakoyo anagwira bondo la ndani?"

Akuti aliyense wochoka ku ya pansi amatero, iye anagwirapo la wapolisi amene anamupatsa lifiti. Anaseka mpaka kutsamira tayala. Ine ndinaseka nawo pang'ono, mano okha. Atafunsanso kuti la ndani, ndinati la mlamu.

Kunama kwayamba kundizolowera.

Lolemba, 10 Juni

Akananso. Lero akuti chimfine.

Mkazi wanga wabwerako madzulo nkhope itagwa. Anawauza kuti Lachitatu atseka shopu apite nawo, akana. Anati aitane takisi, akana, akuti sakwera galimoto ya munthu wosamudziwa. Akuti bala akutsuka okha ndi madzi a mchere.

Kenako wanditembenukira ine. "Kapena munawadandaulira za mafuta?" Ndinalumbira kuti ayi. "Nanga munawayankha mwano?" Ayi. "Ndiye bwanji ndikatchula inu akumayang'ana kukhoma?"

Ndinati anthu akuluakulu amatero, shuga imawasintha. Kuwanamizira matenda apongozi anga omwe. Iye anakhulupirira. Anapita kukalira kubafa kuti ana asamve.

Amayi amenewa anandilandira ndili ndi thalauza limodzi. Abale ena ankati mwana wawo wophunzira sangakwatiwe ndi wogawa buledi, iwo anati buledi amadya aliyense. Lero ndi amene ndawachita zimenezi.

Lachiwiri, 11 Juni

Nditaweruka ndakatenga pikapu mwakachetechete, ndapita nayo kubwalo la mpira la kusukulu. Mtsamiro pakati, kuimira Amayi. Kuzungulira, kuzungulira. Wani, thu, fili, kubwerera. Ndikakhala tcheru dzanja limamvera. Ndikangoganiza zina, pha! pa mtsamiro.

Ndachotsa chingwe cha nsapato, ndamangirira dzanja ku chiwongolero, motayirira kuti lifikire kandodo koma lisatsike. Zinayenda ndithu. Pokhota ndiye chingwe chinakola, galimoto n'kulunjika pa golo. Pang'onong'ono.

Mlonda wa pasukulu anabwera, anasuzumira. Bambo wa imvi, dzanja lomanga ndi chingwe, mtsamiro wamaluwa pambali pake. Anangoti, "Zili bwino, akulu?" Ndinati zili bwino.

Mafuta a sabata yonse athera pa bwalo la mpira. Ndipo ndikudziwa kuti vuto silili pa giya tsopano. Ndingaiphunzire mpaka kuyendetsa ndili m'tulo, chitseko chija sichitseguka ndi zimenezo.

Lachinayi, 13 Juni

Dzulo sindinapiteko n'komwe. Ndinadziuza kuti akananso basi.

Mkazi wanga akuti m'chipinda mwa Amayi mwayamba fungo. Akuti bandeji akumubisira, phazi amalifunditsa bulangete ngakhale kukutentha. Anandiuza uku akusita mayunifolomu a ana, osandiyang'ana. Mawu anafika pakhosi. Ndinatsegula pakamwa, chimene chinatuluka n'choti malasha atsala pang'ono.

Mlamu anaimba. "Nkhalamba ikuyenda?" Ikuyenda. "Giya mwaizolowera?" Ndaizolowera. "Amayi akupita?" Ndinati netiweki ikuvuta.

Ndine munthu wamantha. Ndalemba kuti ndizione.

Loweruka, 15 Juni

Dzulo sindinalembe, ndinali kuchipatala.

Ndinapita masana monga mwa nthawi zonse. Kugogoda, zii. Kugogodanso, kubuula. Ndinakankha chitseko, ulemu ndinausiya panja. Ali gone pa sofa, thupi moto, milomo youma. Fungo lake sindilemba.

Ndinagwada pafupi. Maso pansi, pa kapeti. Ndinanena zonse mwakamodzi ngati mwana wolakatula: kuti vani ya kuntchito giya yake ili pansi, kuti dzanja linapita lokha, kuti ndinachita manyazi kupepesa, kuti andida andide koma phazi lisafere ine. Bondo ndinalitchula. Denga silinagwe.

Anangokweza mikono kuti ndiwanyamule. Opepuka ngati mwana.

M'pikapu ndinawakhazika kuchitseko. Dzanja silinatsike ngakhale kamodzi, kaya chifukwa cha bwalo la mpira kaya mantha. Titaima pachipatala, ndisanatsike kukafuna chikuku, anandigwira malaya. Amalankhula akuyang'ana galasi la kutsogolo.

Akuti malemu ankayendetsa lole kuntchito, ya giya ya pansi. Atagula pikapuyi dzanja lawo linkachita zomwezo, pa chitunda chilichonse. Poyamba mwangozi. Kenako giya anaizolowera, koma dzanja silinasiye, ndipo iwo pakati sanachokepo. Mpaka ukalamba.

"Inu simunalakwe, bambo. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi giya. Koma tsiku lija ndinaiwala kuti anamwalira. Bondo sindinalichotse, ndinachita kulisendeza kwa inu. Ndiye ndikanakuyang'anani ndi maso ati?"

Ine sindinamve n'komwe kuti analisendeza. Nzeru zinali pa lole. Ndinawauza choncho. Anatseka maso, misozi kutsikira m'makutu. Sabata yonse aliyense kubisala m'nyumba mwake, kuopa mnzake.

Pomaliza anati, "Ana anga asamve." Ndinalonjeza.

Awagoneka. Madiripi. Dokotala atatsegula bandeji anafunsa kuti amawabweretsa ndani. Ndinakweza dzanja ngati m'kalasi. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Lolemba, 17 Juni

Zala ziwiri adula. Chachikulu ndi chotsatira. Phazi akuti lapulumuka, ngati bala limvere mankhwala. Kuyenda adzayenda, koma ndodo ndi ya moyo wonse tsopano. Dokotala anati tikanabwera sabata yatha bwenzi tikukamba zina.

Mlamu waimba, kundithokoza. Akuti pakanapanda ine. Azakhali a mkazi wanga andigwira manja onse awiri m'khonde la wodi, akuti mkamwini wotere ndi wosowa, wathyola chitseko kupulumutsa apongozi ake. Andibweretsera nkhuku yamoyo. Ili kuseri, yomanga miyendo, sindikufuna kuiona.

Amayi atatsitsimuka anauza onse kuti ndi unkhutukumve wawo, asaimbe mlandu wina aliyense. Ananena akuyang'ana ine. Koyamba chichitikireni zija.

Koma mkazi wanga. Sakudya. Akuti iye ndiye mwana wamkazi, amapitako tsiku lililonse, fungo analimva, bwanji sanawakakamize. Akuti anaika shopu patsogolo. M'mawa ndamupeza atakhala pa bedi, nsapato ya amayi ake ya kumanja ili m'manja, akungoitembenuza. Anati, "Ndawadulitsa ndine."

Za Amayi ndinalonjeza, ndipo ndidzapita nazo kumanda. Koma zanga sindinalonjeze munthu. Bondo ndinagwira ndine. Lachisanu lija ndinabwerera pakhomo ndikuimba mluzu ndine. Amene anati ndi shuga ikuwasokoneza, akudziwa bwinobwino, ndine. Mkazi wanga akamva mwina aseka kaye, nkhani yake ndi yoseketsa. Akamaliza kuseka awerenga masiku, ndipo sindikudziwa kuti adzandiyang'ana bwanji.

Ana ndawatumiza kwa aneba. Tiyi ndaika pamoto.

Geti lalira, ndi mkazi wanga. Ndiyambira kutali. Ndimuuza kuti magalimoto ena giya imakhala pachiwongolero, ena imakhala pansi, ndipo munthu akazolowera ya pansi...