Ndakwecha mfuti ya malemu

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti, ku Wynberg. Mvula tsiku lonse, ndipo manyazi sakundichoka.

A madamu amene ndimawagwirira ntchito akugulitsa mfuti yakale ya malemu amuna awo, ya mipope iwiri yowombera mbalame. Dzulo anandiuza kuti ndingopukuta fumbi pabokosi lake. Ine poona chitsulo chitada, ndinati ndiwathandize. Kwathu ku Balaka, njinga sugulitsa yakuda. Ndinakwecha ndi sitiliwulu, pathabwa logwirira n'kupakapo vanishi, mpaka mfuti inachita kung'anima.

Lero kunabwera mzungu wodziwa mitengo ya mfuti zakale. Anasuzumira m'mipope, anawerenga zizindikiro za amene anaipanga, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako anasisita chitsulo n'kufunsa, "Wachita izi ndani?" Akuti ogula amafuna kuda komweko, pamodzi ndi timaluwa tozokota pachitsulo timene ndatifufuta. Pogulitsa aziitchula kuti yokwechedwa, ndipo mtengo wagwa.

A madamu sanakalipe. Anangoika chala pamene dzanja la amuna awo linasalalitsa thabwa, pomwe tsopano pali vanishi wanga, n'kunena kuti, "Ankagwira apa, Yohane." Kenako anandipangira tiyi.

Bola akanandikalipira. Mawa pageti paja ndikalowa bwanji ine...